Mwendo Wobinya ndi Mpira wa Loweruka

Kwathu ndi kumbali ya Kabudula, koma ndinakwatiwa kufupi ndi Nsaru, pachitengwa. Amuna anga ndi mwamuna yekhayo m'banja lawo. Alongo awo awiri anakwatiwa kutali, wina m'tauni ku Lilongwe, wina ku Mchinji. Choncho tsiku limene apongozi anga aakazi anagwa m'munda wa mtedza ndi matenda a sitiroko, n'kufa dzanja ndi mwendo wakumanja, panalibenso zokhalirana pansi. Aliyense ankadziwa kuti wowasamala ndine.

Ntchito yake inkayamba m'mamawa. Kuwadzutsa, kuwakhazika pachidebe, kuwatenthetsera madzi, kuwasambitsa, kuwaveka, kenako kuwatulutsa panja pamkeka kuti awothere dzuwa. Dzuwa likakula, kuwasunthira pakhonde. Pakapita kanthawi, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda. Sanali munthu wovuta ayi. Asanadwale anali mayi wolima okha munda wawo, woyambitsa nyimbo kutchalitchi, ndipo zinkawawawa kunyamulidwa ngati khanda. Pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi. Ankakana kusambitsidwa ndi mwana wawo wamwamuna, ndipo pamenepo sindikanawatsutsa.

Kumsika wa ku Nsaru kunkapita amuna anga. Kutchalitchi ndinkafika mapemphero atayamba, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Kumaliro ndinkangopepesa n'kubwerera. Kwathu ku Kabudula ndinatha chaka chathunthu osapondako, chonsecho panjinga ndi ulendo wa m'mawa umodzi. Ana anga awiri akapita kusukulu, pakhomo tinkatsala ine ndi apongozi, ndi nkhuku.

Chaka chachiwiri cha matendawo, kusukulu ya pulayimale ya m'mudzi mwathu kunabwera mphunzitsi watsopano wamkazi, wamfupi koma wa liwu lalikulu. Tonse tinkangowatchula kuti amadamu. Anandipeza pamjigo ndikusenza ndowa.

"Asisi, msinkhu wonsewu mumangothyolera mango? Simunasewerepo ntchemberembaye inu?"

Ndinaseka, n'kuwauza kuti ndili pasukulu ndinali womwetsa zigoli, koma zimenezo n'zakale.

"Zakalezo n'zomwe ndikufuna. Ndikusonkhanitsa amayi, Lachitatu ndi Loweruka masana. Othamanga ndawapeza, wamtali ndilibe."

Ndinawauza za wodwala amene ndinali naye pakhomo. Iwo anakakambirana ndi amayi busa, ndipo amayi busa anaimika amuna anga Lamulungu potuluka m'tchalitchi, n'kuwauza kuti wodwazika matenda nayenso amafunika kupitidwako mphepo. Mkazi wa msuweni wa amuna anga, woyandikana nafe nyumba, anavomera kumakhala ndi apongozi maola awiri pa masiku amenewo.

Amuna anga ndi munthu wofatsa, wosakonda kubwereza mawu. Anandiitanira kuchigafa komwe ankasankha fodya.

"Amayi busa andiuza. Muzipita. Koma ndineneretu: tsiku limene mudzabwere pano mutavulala, mpirawo wathera pomwepo. Wodwala tili naye kale mmodzi. Awiri sindingathe."

"Ndamva, abambo."

Sindinaone cholakwika m'mawu amenewo. Ankanena zoona.

Bwalo lathu linali kuseri kwa makalasi, pamalo amene kale aphunzitsi ankalimapo mtedza. Mizere anaigwetsa ndi makasu, udzu n'kumera, koma phazi linkaimvabe, apa pokwera, apa potsika. Malire tinkalemba ndi phulusa. Mitengo ya golo inali ya bulugamu, pamwamba atakhomapo chitsulo chopinda mozungulira. Tinkasewera osavala nsapato. Zoyamba tatenthetsa thupi kunalibe. Aliyense ankafika kuchokera kudimba kapena kukhitchini atachedwa kale, ndipo wezulo wa amadamu akangolira, ndiye kuti tayamba.

Maola awiri amenewo ankandikomera kuposa china chilichonse m'sabata. Panalibe wondiitana kuti ndimutembenuze. Manja anga, amene masiku onse ankanunkha sopo ndi zofunda za wodwala, ankagwira mpira n'kuuponya, mpira n'kulowa. Anthu ochokera kuchigayo ankatula matumba awo n'kuima kuonerera. Ndinkabwerera kunyumba ndili fumbi lokhalokha, mtima uli myaa, ndipo madzulo amenewo apongozi ndinkawanyamula ngati sakulemera.

Kubinya koyamba kunachitika nyengo yozizira itangoyamba, Loweruka lina. Ndinalumphira mpira wam'mwamba, ndipo potsika phazi lakumanzere linatera m'mbali mwa mzere wakale wa mtedza. Linapindikira mkati. Ndinamva ngati chingwe chaduka pakakolo, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi. Anzanga anandizungulira, wina n'kuyamba kukoka phazilo mwamphamvu, akuti libwerere m'malo mwake. Ndinaluma nsonga ya chitenje. Ululu unalipo ndithu, koma chimene chinadzaza m'mutu mwanga ndi mawu a kuchigafa aja.

"Musakanene kumudzi," ndinawapempha. "Ndapota nanu, asamve abambo kunyumba."

Amadamu anandiperekeza ndikuwatsamira mpaka pamphambano. Kuchokera pamenepo ndinayenda ndekha, mowongoka, ndikupereka moni kwa aliyense amene ndinakumana naye, thukuta lozizira likutsika kumsana.

Kubisako sikunavute. Chitenje ndinachitsitsa mpaka kukhudza pansi. Madzi osambitsa apongozi ndinkatenthetsa ochulukirapo, otsalawo n'kumathowera kakolo kubafa. Amuna anga ankalawirira kukadinda fodya, ndipo akakhala pakhomo ndinkadzipezera ntchito yokhala pansi, kusenda mtedza kapena kutsuka mbale. Kakolo anatupa mpaka fupa osaoneka, khungu n'kuda bii.

Amene sindikanawabisira anali apongozi. Munthu wogona pamkeka tsiku lonse amayamba kuona mapazi a anthu asanaone nkhope. Tsiku lachitatu, ndikuwamwetsa phala, anayankhula.

"Atengwa. Phazilo."

"Ndinapunthwa kumjigo, amayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, phala lili pamlomo.

"Mpira," anatero. Anapuma kaye, kenako n'kumaliza: "Sindinena."

Lachitatu ndi Loweruka ndinkanyamukabe kupita kubwalo, chifukwa kutsala pakhomo kukanabweretsa mafunso. Ndinkakangokhala pansi pa mtengo n'kumaonerera anzanga akuphonya zigoli zimene ine ndikanamwetsa. Patatha masabata awiri chotupa chinaphwa, ndipo ndinadziuza kuti ndachira. Ndinalowanso m'bwalo. Ndinasewera bwino masiku anayi. Tsiku lachisanu, popanda wondikankha, popanda ngakhale kulumpha, ndikungotembenuka kuti ndilandire mpira, phazi lomwe lija linapindikanso. Ulendo uno silinatupe kwambiri, ndiye ndinapuma sabata imodzi yokha.

Kachitatu kunali tsiku limene amayi a ku Nambuma anabwera kudzasewera nafe. Kunadzaza anthu, ngakhale abusa anabwera ndi mpando wawo. Kakolo ndinamumanga ndi kansalu kong'amba kuchitenje chakale. Chigawo chachitatu chili mkati, mayi amene ankanditchinga anandiponda pang'ono chabe, phazi n'kupita. Ndinadzuka msanga anthu asanazindikire, n'kumaliza masewerawo ndikuponda ndi zala zokha. Tinapambana. Amayi ankaimba nthungululu, amadamu ankandikumbatira m'chiuno chifukwa m'khosi sankafikamo, ndipo ine ndinkangowerenga mumtima mapazi otsala kuti ndikafike kunyumba osatsimphina.

Kuyambira pamenepo mwendowo unasiya kundimvera. Panjira ya kudimba unkatha kungofooka wokha, ine n'kudzandira ndi kheni ya madzi m'manja. Bondo lakumanja nalo linayamba kuwawa chifukwa cholemedwa ndi thupi lonse. Ndinkadziwa kuti ndikanena, mpira watha, ndipo ndibwerera kukhala pakhomo sabata yathunthu osaona china koma mkeka ndi chidebe. Ndinkadziwanso kuti ndikapanda kunena, mwendo ukupita. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndinena, madzulo n'kufika ndisananene. Amadamu ankadziwa zonse, koma nawo analibe wina wamtali, ndiye ankangoti, "Muzithowa, asisi, zimenezi zimatha zokha."

Zinaululika m'mwezi wa mphepo, m'mawa wa tsiku wamba. Bafa yathu ndi ya udzu, pansi tinayalapo miyala. Ndinali nditamaliza kusambitsa apongozi. Ndinakoleka dzanja lawo labwino m'khosi mwanga monga mwa masiku onse, n'kuwadzutsa pakampando. Nditangoponda mwala woyamba, kakolo anapindika. Tinagwa tonse awiri. Ine ndinagwera paudzu wa mpanda, koma iwo anamenyetsa chipumi pamlomo wa ndowa.

Magazi anali ambiri. Ndinakuwa. Amuna anga anali kukhola la mbuzi, ndipo ndinamva akuthamanga. Apongozi anali osavala, ndiye ndinamasula chitenje changa n'kuwafunditsa mwana wawo asanalowe. Anawanyamula yekha mpaka pakhonde, n'kuwatsinya bala ndi nsalu. Ine ndinatuluka m'bafamo chokwawa, ndili ndi siketi yokha yolekeza m'mawondo. Amuna anga atatembenuka, maso awo anagwera paphazi langa.

"Mwendowo watani?"

Ndisanayankhe, apongozi anayesetsa kutulutsa mawu.

"Ndaterereka. Ndine."

Amuna anga anagwada n'kuyang'anitsitsa kakolo wanga, pamene panali kutupa kwatsopano pamwamba pa kuda kwakale.

"Izi si za lero," anatero. Kenako anadzuka kukagwira ng'ombe.

Tinapita kuchipatala cha mishoni pangolo, apongozi atagona pamatiresi, mutu uli pamiyendo panga. Anawasoka pachipumi, anawaunika m'chiuno, n'kupeza kuti palibe fupa lothyoka. Inenso anandijambula, n'kunena kuti fupa lili bwino. Kenako anatitumiza tonse kuchipinda cha mafizo, kumene amaphunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo. Apongozi anayenera kumapitako kuyambira kale, koma tinasiya titapitako kawiri chifukwa cha kutalika kwa ulendo.

Tinapezako mayi wa msinkhu wanga, woyankhula motsitsa. Atatha kuona apongozi, anandikhazika pabedi n'kugwira phazi langa. Analiyendetsa uku ndi uku, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi phazi labwino.

"Mwabinya kangati?"

Amuna anga anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Ndinayang'ana pansi.

"Ndi lero, kanayi."

"M'miyezi ingati?"

"Itatu."

"Pochita chiyani?"

"Mpira wamanja."

Mayiyo sanandikalipire. Anandiuza kuti ndiimirire ndi mwendo wabwino wokha, ndipo ndinaima mpaka anandiuza kuti basi. Wobinyawo sanandilole kuyesa tsiku limenelo, koma anandifunsa ngati ndinkatha kuimira mwendo umenewo masiku apitawo povala siketi. Ndinavomera kuti ndinali nditayamba kuvala chokhala pansi.

"Mukudziwa mphira womangira katundu panjinga eti?" anatero. "Mukaukoka mopitirira, umatha mphamvu, katundu n'kumagwedera. Minyewa yogwira kakolo ndi chimodzimodzi. Inu chotupa chikaphwa mumati mwachira. Koma chotupa chimaphwa msanga, mnyewa umachedwa. Mukabwerera kubwalo usanalimbe, umakokekanso, ndipo ulendo uliwonse umavuta kuchira kuposa woyamba. Chinanso, phazi lobinya limasiya kumva bwino nthaka. Mukaponda popendekeka, limazindikira mochedwa, mutagwa kale."

Anandiuza kuti kukoka phazi lobinya n'kuwonjezera bala, ndiponso kuti masiku oyambirira silifuna madzi otentha koma ozizira, n'kulikweza pamwamba. Zonse zimene ndinkachita kubafa zija zinali zotembenuza. Anandimanga bandeji, n'kundionetsa kamangidwe kake kuti ndizimanga ndekha. Anandionetsanso zoti ndizichita ululu ukachepa: kulemba zilembo m'mwamba ndi chala chachikulu cha kuphazi, kukoleka mphira wa chubu cha njinga kumwendo wa tebulo n'kumaukoka ndi phazi chakunja, kunyang'ama ndi zala n'kutsika pang'onopang'ono, ndi kuima ndi mwendo umodzi, poyamba nditagwira khoma, kenako osagwira, pomaliza nditatsinzina.

"Masabata asanu ndi limodzi, mwinanso kupitirira. Musawerenge masiku okha. Tsiku limene mudzathe kudumpha ndi mwendo umenewu wokha kakhumi, osamva kuwawa, osadzandira, ndi pamene mungayambe kuganiza za bwalo. Ndipo mukadzabwerera, muzivala nsapato zomanga, muzimanga bandeji, muziyamba mwathamangathamanga kaye thupi litenthe. Bwalolo ngati lili ndi zitunda, lisalazeni."

Apa amuna anga anayankhula koyamba.

"Ndiye kuti mpirawu angosiya eti?"

"Sindinatero, bambo. Lero agwera m'bafa, osati m'bwalo. Akasiya mpira koma osalimbitsa mwendowu, adzagwa kumjigo kapena atanyamula amayiwa. Chofunika n'chakuti mwendo ulimbe. Ndipo zikawawa azinena msanga."

Tinabwerera pangolo yomweyo. Apongozi anali m'tulo. Tili pafupi kufika, amuna anga anayankhula osatembenuka, maso ali pang'ombe.

"Miyezi itatu mukundinamiza."

"Ndinkaopa, abambo."

"Amayi akanathyoka chiuno, bwenzi mukuti chiyani?"



Masabata otsatirawo ndi amene anali owawa kuposa onse. Masiku oyamba mkazi wa msuweni uja ankabwera m'mawa kudzandithandiza kunyamula apongozi, koma nditayamba kuponda anasiya, ndipo Lachitatu ndi Loweruka sankabweranso, poti panalibe chifukwa. Amuna anga sankandikalipira, koma ankangoyankhula zofunika zokha. Sukulu ili pafupi ndi nyumba yathu, moti masana a masiku a mpira wezulo ankamveka bwinobwino pakhonde. Ndinkadziwa ndi kaliridwe kake kuti apa wina wayenda ndi mpira, apa chigoli chalowa. Ndinkakhala pamenepo phazi lili pampando, ndikulemba a, e, i, o, u m'mwamba ndi chala, ana anga akundiseka.

Mayi wa mafizo uja anali atawapatsanso apongozi zochita zawo: kukweza dzanja lakufalo ndi dzanja labwino, kufinya kansalu kokulunga, kuyesa kukhala tsonga osatsamira. Motero tinkachitira limodzi. Ine ndikukoka mphira, iwo akukweza dzanja, tikuwerengera pamodzi. Iwo ankafika pa kasanu n'kutopa, koma ine ndikafuna kulekeza panjira ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Sizinakwane."

Sabata yachitatu amadamu anabwera. Anapereka moni kwa apongozi mwaulemu, atagwada, kenako anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Asisi, Loweruka tikupita ku Kasiya. Anthu ajatu ndi ataliatali. Popanda inu tikukachita manyazi."

"Kuchipatala anati masabata asanu ndi limodzi."

"Simukathamanga ayi. Mukangoima pansi pa golo, anzanu azikupatsirani. Ndakuonani mukuyenda bwinobwino pobwera kuno."

Ndisaname, mtima wanga unali utakwera kale galimoto ya ku Kasiya. Ulendo, nyimbo panjira, tsiku lathunthu kunja kwa mpanda uno. Ndinali nditayamba kale kuganiza za mawu okauza amuna anga. Ndinawapempha amadamu kuti adikire, ndipo pomwepo, iwo akuona, ndinakweza mwendo wabwino n'kuyesa kudumpha ndi wobinyawo. Kamodzi, kawiri. Kachitatu ululu unalasa mpaka m'bondo, ndipo ndinagwira nkhokwe kuti ndisagwe.

"Sindipita, amadamu."

Anayang'ana phazi langa, n'kuyang'ana kumbali.

"Chabwino. Tikayesa ndi amene alipo."

Anzanga anakagonja moipa ku Kasiya. Kumjigo sabata imeneyo moni anachepa. Wina ananena mokweza, ngati akuuza mnzake, kuti pali anthu ena akangotamandidwa kamodzi amayamba kufuna kupembedzedwa. Wina anati mwendo wotani wotha kupopa mjigo koma osatha kuima pansi pa golo. Awa anali amayi omwe aja amene anandiimbira nthungululu. Ndinasenza ndowa yanga n'kumapita. Kunyumba kunali anthu amene ndinawalakwira posewera, kumjigo kunali anthu amene ndinawalakwira posasewera, ndipo malo ena opitako ndinalibe.

Masabata asanu ndi limodzi anakwana ndikutha kudumpha kasanu kokha. Ndinalira tsiku limenelo, kuseri kwa nyumba, chifukwa ndinali nditaika mtima wonse pa tsikulo. Ndinapitiriza. Potsuka mbale pathandala ndinkaima ndi mwendo umodzi. Podikira madzi kuwira ndinkanyang'ama ndi zala. Kutsinzina nditaima ndi mwendo umodzi kunanditengera nthawi yaitali kuposa zonse. Ndikangotseka maso, dziko linkapendekeka. Apongozi dzanja lawo silinabwerere, koma anayamba kukhala tsonga okha pamkeka, ndipo powadzutsa ankadzikankhako ndi mwendo wabwino, moti kulemera kunachepa.

Kakhumi ndinafika m'sabata yakhumi, kunja kutatentha kale, anthu ali pakalikiliki kuunga mizere. Ndinadikira amuna anga abwere kumunda, adye, apume. Kenako ndinawapempha kuti aone. Ndinadumpha pabwalo la nyumba, iwo akuwerenga chamumtima. 

"Loweruka lokha," anatero. "Lachitatu ayi, ntchito yachuluka. Ndipo kukangowawa, mudzanene tsiku lomwelo. Ndikadzamva kwa anthu, basi."

Alamu anga a m'tauni anali atanditumizira nsapato zomanga za pakaunjika, zazikulu pang'ono, moti ndinkavala ndi masokosi awiri. Chotsala chinali bwalo. Ndinapita kwa amadamu kukawapempha kuti tilisalaze. Anavomera, n'kulengeza kwa onse, koma tsiku lake tinabwera anthu asanu okha. Enawo anati makasu ali kumunda. Nthaka inali youma gwa. Tinakwanitsa kusalaza pozungulira mitengo ya golo iwiri ija, n'kukwirira maenje atatu akuluakulu. Pakati ponse panatsala momwemo.

Loweruka limene ndinabwerera, ndinafika msanga, ndinamanga bandeji, n'kuyamba kuthamanga pang'onopang'ono kuzungulira bwalo ndekha. Amayi ankafika mmodzimmodzi n'kumandiyang'ana. Awiri ananditsatira moseka, enawo anakhala pansi kudikira wezulo. Malo anga anali atatengedwa ndi mtengwa wina wongobwera kumene m'mudzimo, wamfupi kwa ine koma wothamanga. Amadamu anandilowetsa chigawo chachiwiri.

Mipira iwiri yoyamba ndinamwetsa bwinobwino. Wachitatu unabwera pamwamba, wofuna kulumphira, mtundu womwe kale sindinkauphonya. Ndinauona ukubwera, mawondo anapinda okha, koma mapazi anakana kuchoka pansi. Unadutsa pamwamba pa zala zanga n'kutuluka kunja.

"Lumphani, asisi," anakuwa amadamu. "Mwendo munati wachira."

Unali utachiradi, koma mantha anali asanachoke. Ndinasewera chigawo chimenecho chokha n'kutuluka ndekha, monga mmene mayi wa mafizo anandilangizira kuti ndiyambe pang'ono. Palibe amene anandiletsa kutuluka, ndipo mtengwa uja analowa mokondwa.

Loweruka lotsatira ndinasewera zigawo ziwiri, ndipo ndinalumphako kamodzi. Tili mkati, kumwamba kunada chakumadzulo, mphepo n'kuyamba kuulutsa phulusa la m'malire. Madontho oyamba atagwa, aliyense anatola chitenje chake n'kuthamangira kwawo, wina kukaanula ufa, wina kukatsekera mbuzi. Tonse tinkadziwa kuti mpira watha mpaka tidzakolole. Masabata khumi olimbitsa mwendo anandipatsa Maloweruka awiri.

Ndinafika kunyumba nditanyowa. Mkazi wa msuweni uja anali atathamangira kwawo kukaanula zovala, ndipo apongozi anali okha pakhonde, mvula ikuwawaza kumiyendo. Ndikuwerama kuti ndiwadzutse, amuna anga anatulukira kuchokera kunazale ya fodya. Anagwira mbali inayo, ndipo tinawalowetsa m'nyumba tili awiri. Lolemba lake tinayamba kubzala chimanga.

Papita zaka zitatu tsopano. Apongozi akadali nafe, ndipo wowasambitsa ndikadali ine. Amadamu anasamutsidwira kusukulu ina, koma timu ikadalipo, imadzuka chilimwe n'kugona dzinja. Ndimasewera Loweruka, zigawo ziwiri, nthawi zina zitatu. Chaka chatha ndinabinyanso pang'ono, pakati pa bwalo pomwe sitinasalaze paja. Ndinafika kunyumba ndikutsimphina poyera, n'kunena. Amuna anga anapukusa mutu, n'kukanditungira madzi ozizira. Ndinakhala pakhomo mwezi ndi theka, ndipo masewera onse akuluakulu a chaka chimenecho anandipita.